Kuyesa khadi la ngwazi ya m'nthano limene mnzanu wapanga

Okonda Magic: The Gathering, masewera a makadi amene Richard Garfield anapanga n'kutuluka mu 1993, sakhutira ndi makadi ogula m'sitolo. Ambiri amalemba awoawo, ndipo ngwazi za m'nthano za Agiriki monga Achilles, Heracles ndi Odysseus zimawakopa kwambiri. Mnzanu akakupatsani khadi lotere kuti munenepo maganizo, musayambe n'kuyamikira chithunzi.

Choyamba, phimbani dzina ndi chithunzicho ndi dzanja, muwerenge malamulo okha. Kodi mungaidziwe ngwaziyo? Ngati mawuwo angayenere msilikali wina aliyense wamphamvu, ndiye kuti wopangayo wangomata dzina lotchuka pa khadi wamba. Odysseus anagonjetsa Troy ndi nzeru za hatchi yamatabwa, kenako anatha zaka 10 akusochera panyanja asanafike kwawo ku Ithaca. Khadi lake lizinunkha ukathyali, osati nyonga chabe.

Kachiwiri, funani pofooka. Apa m'pamene ambiri amagwera, chifukwa munthu akakonda ngwazi safuna kuiona ikufa. Komatu nthano ya Achilles imakoma chifukwa cha chidendene. Mayi ake, Thetis, anamuviika mumtsinje wa Styx atamugwira pachidendene, madzi osafikapo, ndipo muvi wa mdani wake Paris unadzamupezera pomwepo. Taonani mmene a Wizards of the Coast, eni masewerawa, anachitira mu 2020 ndi khadi la Haktos the Unscarred, lomwe linatengera Achilles. Likangolowa m'masewera, pamasankhidwa mwamaere nambala imodzi mwa 2, 3 ndi 4. Makadi okhawo amene mtengo wake wa mana ukufanana ndi nambalayo ndiwo angalilase kapena kulitchinga. Limamenya ndi mphamvu 6, koma kupirira kwake ndi 1 basi, ndipo limakakamizika kuukira nthawi iliyonse imene lingathe. Nthano yonse yakwana m'mizere yochepa, popanda kutchula chidendene. Ndiye mufunseni mnzanuyo: amene wakumana ndi khadi lakoli adzalichotsa ndi chiyani? Akayamba kukanda m'mutu, mwapeza poyambira kukonza.

Kachitatu, onani mtengo. Muyezo wakale ndi khadi la Grizzly Bears: mana awiri, mphamvu 2, kupirira 2, popanda luso lina. Heracles wa mana awiri koma wamphamvu 7 ndi kuba poyera, pakuti aliyense amayamba ndi moyo 20 wokha.

Za mtundu sizivuta: pa mitundu isanu ya mana, wochenjera amapita kwa buluu, waukali kwa wofiira. Ingoonani ngati lusolo silinabedwe ku mtundu wina.

Werenganinso mawuwo mokweza. Ine ndikapuma kawiri ndisanamalize, ndimadziwa kuti achuluka. Vutoli limakonda Heracles, chifukwa wopanga amafuna kulongeza ntchito zake zonse 12 pa kakhadi kamodzi. Asankhepo imodzi, kaya chikopa cha mkango wa ku Nemea chimene mivi inkalephera kuboola.

Pomaliza, lisewereni. Lembani malamulowo pakapepala, mukalowetse m'kathumba ka pulasitiki pamwamba pa khadi lakale, muliike mu deki ya makadi 60. Sewerani kangapo, kenako musinthane madeki kuti wopangayo alawe yekha ukali wa ngwazi yake. Muzilemba kuti khadilo lalowa pa ulendo wachingati ndipo lakhala nthawi yaitali bwanji lisanachotsedwe. Mukasintha, sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya mtengo kaya mphamvu, n'kugawanso makadi.