Kodi "the" ndizimuika pati?

Azakhali,
Ndikubwereza Fomu 4 chifukwa Chingerezi chinandigwetsa pa mayeso a MSCE. Pa chimangirizo aphunzitsi amandidula malikisi pa timawu a, an ndi the. Posachedwa ndinalemba kuti "The girls must go to school" ndikunena za atsikana onse, iwo n'kuzunguliza the ndi cholembera chofiira. Anzanga akuti ndi zazing'ono. Ndafooka, ndithandizeni.
Wodandaula, Dedza

Mwana wanga,
Usafooke, koma anzakowo usawamvere. Popanda kukhoza Chingerezi a MANEB sapereka satifiketi ya MSCE, ndiye timawuti si tochepa ayi. Komanso si kuti ndiwe wogona m'kalasi. Chichewa chilibe timawu totere, motero khutu lathu silinazolowere kutimva. Chimene ungachite n'kudalira nzeru yomwe uli nayo kale m'chinenero chako. Ukanena kuti "atsikana azipita kusukulu", ukunena za atsikana onse. Ukati "atsikana aja azipita kusukulu", womvera adziwa kuti pali atsikana ena ake amene nonse awiri mukuwadziwa. Nthawi zambiri the amagwira ntchito ya "aja" ameneyu. Choncho usanalembe, ganiza chiganizocho m'Chichewa: ngati "aja" sakukwanamo, the asalowemo. Ponena za onse, dzina uliike mochulukitsa lili lokha: "Girls must go to school", "Farmers need fertiliser". Aphunzitsi ako anazunguliza the chifukwa unanena za atsikana odziwika pamene mtima wako unali pa onse. Ichi n'chifukwa chake sindivomereza zoti "bola zamveka". Zimamveka, inde, koma tanthauzo limakhala lina.

Mwina undiuza kuti m'mabuku umaona "The lion eats meat" kapena "A child needs love", pomwe akunena za mikango yonse ndi ana onse. N'zoona, njira ziwirizi ziliko. Koma zili ndi malire ovuta. The pamodzi ndi dzina la chinthu chimodzi amayenda bwino pa mitundu ya nyama, zomera ndi zipangizo, koma "The book is expensive" amatanthauza buku limodzi lodziwika. Nayenso a sakwana paliponse: sunganene kuti "A rhino is rare" potanthauza zipembere zonse. Njira yochulukitsa ija ndiyo sikawirikawiri kukugwetsa, ndipo m'chipinda cha mayeso ndi yomwe ikufunika.

Chenjera ndi mayina a zinthu zosawerengeka monga water, education, advice, information ndi furniture. Nthawi zambiri amenewa salandira s kapena a, ndipo ponena za zonse salandiranso the: "Education is important". Ife timati malangizo, ndiye dzanja limafuna kulemba advices. Chimenechi ndi cholakwika chomwe wochonga amachiona msanga.

Tenga zimangirizo zako zakale, upeze paliponse pamene unalemba the, uyese "aja" pamenepo, ukonze, kenako ukawaonetse aphunzitsi ako sabata ino.