Sikelo ndiyo mboni pa malonda a ndalama zakale zasiliva

Wamalonda wa ku Malindi akhoza kulandira mlendo atamanga ndalama yachitsulo yakuda pakansalu, akunena kuti ndi yasiliva ya ku Spain imene agogo ake anabwera nayo kuchokera kunyanja yamchere. Nkhani yotere ili ndi poyambira. Amalonda achiyao a m'madera a Makanjira ndi Mponda ankapita ndi minyanga ya njovu ku Kilwa ndi ku magombe a Mozambique, kumene ndalama za maiko akutali zinkayenda. Komabe katundu amene ankabwerera naye kwambiri anali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Choncho ndalama yeniyeni yotere ndi yosowa kuno, pomwe zabodza zimapangidwa zambiri ndipo zimagulitsidwa motchipa pa intaneti. Wogula ayambe wayeza asanamve za mtengo.

Ndalama yodziwika kwambiri ndi ya 8 reales, imene inkasulidwa ku Mexico City, Lima ndi Potosí pamene maderawa ankalamulidwa ndi Spain. Imalemera pafupifupi magalamu 27 ndipo kukula kwake ndi mamilimita 38 mpaka 40. Yoperepeseka ndi manja imatsikako pang'ono, koma yolemera magalamu 22 kapena 23 ndi yokanidwa. Sikelo yoyenera ndi kaja kakang'ono ka batire kowerenga ndi tizigawo ta galamu, osati ya nyama kapena ya usipa.

Chachiwiri ndi zolembedwa. Za ku Mexico City za pakati pa 1732 ndi 1771 zili ndi mipira iwiri ya dziko lapansi pakati pa nsanamira ziwiri, chisoti chachifumu chili pamwamba. Kuyambira 1772 panabwera nkhope ya mfumu, ndipo dzina liyenera kugwirizana ndi chaka. Carlos III, wolembedwa CAROLUS III, anamwalira mu 1788. Carlos IV analamulira mpaka 1808, kenako Fernando VII, wolembedwa FERDIN VII. Ndalama ya CAROLUS III yonena chaka cha 1800 yadziulula yokha. Kuseri kumakhala chizindikiro cha kumene inasulidwa: M wokhala ndi o wamng'ono pamwamba ndi Mexico City, pomwe P, T ndi S zolukana ndi Potosí. Pafupi pake pali 8R ndi zilembo za akuluakulu oyeza siliva.

Chachitatu ndi m'mphepete. Za nsanamira zili ndi timasamba tozungulira, za nkhope zili ndi timabwalo ndi timabokosi tosinthana. Zenizeni zinkadindidwa, pomwe zabodza zambiri amathira chitsulo chosungunula m'chikombole. Yothira imaoneka ndi msoko m'mphepete, timaenje pankhope ndi zilembo zosakuthwa.

Maginito amathandizanso. Siliva sagwidwa ndi maginito, ndiye ndalama yomatirira ndi chitsulo wamba. Koma mkuwa ndi mtovu nazonso sizigwidwa, kotero kusamatirira si umboni wokwanira. Ndalama yasiliva ikaikidwa pansonga ya chala n'kugogodedwa pang'ono imalira nthawi yaitali, pomwe yamtovu imangoti phu. Woyeza mozama amaika kapu ya madzi pasikelo, nabweza sikelo pa ziro, namiza ndalama yomangidwa ndi ulusi osaigunditsa pansi. Ya magalamu 27 ionetse pafupifupi 2.6. Ikafika 3, mwachuluka mkuwa.

Ndalama ina imene imasokoneza anthu ndi ya Maria Theresa wa ku Austria, yomwe inayenda kwambiri ku Zanzibar. Ili ndi nkhope ya mayi, imalemera magalamu 28, ndipo imalembedwa 1780. Chakachi sichinena msinkhu wake, pakuti akhala akuidinda ndi chaka chomwecho mpaka masiku ano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 boma la Apwitikizi linkadinda zilembo PM pa ndalama zakunja zoyenda ku Mozambique. Chidindochi chimakweza mtengo, n'chifukwa chake akamberembere amachikoperanso.

Mtengo uli pawiri. Woyamba ndi wa siliva: mu 8 reales muli magalamu pafupifupi 24 a siliva weniweni, ndipo msika wa dziko lonse umatchula mtengo pa aunsi ya magalamu 31.1. Ndalama imodzi ndi pafupifupi 0.78 ya aunsi, ndipo wogulitsa asalole kutsika kwambiri pamenepo. Wachiwiri ndi wa osonkhanitsa ndalama zakale, amene amayang'ana chaka, kumene inasulidwa ndi maonekedwe. Apa ndi pamene wogulitsa amadziphera yekha malonda. Kukwecha ndi phulusa, mchenga kapena mandimu kumasiya zokanda, ndipo mtengo umagwa. Kuda kwakale kusiyidwe momwemo. Yobooledwa kuti ivalidwe m'khosi nayonso imatsika.

Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba zinthu zakale kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo. Wopeza ndalama m'nthaka angakafunse ku Lake Malawi Museum m'tauni ya Mangochi asanaigulitse. Ndipo mwini ndalama akakana kuti iyezedwe, kapena akamafulumizitsa ponena kuti wogula wina akudikira, wamalonda wanzeru amabweza ndalama zake m'thumba.