Wofuna Uphunzitsi ku Angónia: Mapepala, Mafunso ndi Ufulu Wake

Chikalata cholengeza ntchito za uphunzitsi, chimene onse amangoti edital, chikamatidwa pakhoma la SDEJT, ofesi ya maphunziro ya boma la Angónia ku Ulónguè, mbiri imafika ku Dómuè ndi ku Calómuè dzuwa lisanalowe. Achinyamata amachijambula pafoni n'kutumizirana pa WhatsApp, koma ochiwerenga mpaka mzere womaliza ndi ochepa. Ambiri amagwera pomwepo, asanaone n'komwe nkhope za owafunsa mafunso.

Ku Mozambique munthu amalowa ntchito ya boma kudzera pa mpikisano, concurso, malinga ndi EGFAE, lamulo la ogwira ntchito m'boma lomwe linakonzedwanso mu 2022. Edital ndiyo imanena kuti malo alipo angati, tsiku lotsekera ndi liti, ndiponso ngati júri, gulu losankha anthu, idzangoyang'ana mapepala, idzalembetsa mayeso kapena idzaitana anthu pamaso. Mapepala ofunidwa kawirikawiri ndi kalata yopempha ntchito, BI (chitupa cha nzika), NUIT (nambala ya msonkho), satifiketi ya maphunziro, kalata ya kuchipatala ndi registo criminal (kalata yonena za milandu), imene imatha mphamvu msanga. Makope akadindidwe kwa notário. Popereka, munthu apemphe kuti kope lake alidinde ndi kulembapo tsiku, chifukwa ndiwo umboni wake akadzamva zoti envelopu sinaoneke.

Dera lino lilinso ndi vuto lakelake. Nkhondo ya zaka 16 isanathe mu 1992, mabanja ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu ku Malawi, ndipo mpaka lero ena amaphunzira tsidya ilo. Satifiketi ya MSCE siyenda yokha kuno. Imafunika equivalência, kalata yoivomereza yochokera ku boma, ndipo imeneyo siyotuluka sabata imodzi.

Tsiku la mafunso, ngati ndi dzinja, mapepala alowe m'pulasitiki, nsapato zopukuta zikhale m'chikwama, za matope zitsale panja. Mafunso amabwera m'Chipwitikizi, chilankhulo cha boma, ndipo wofunsidwa ayankhe momwemo, mosathamanga. Cholakwa chimene ambiri amachita ndi kubisa Chinyanja ngati chinthu chamanyazi. Mwana wa kalasi yoyamba ku Lifidzi amafika pasukulu akudziwa "madzi", osati "água". Boma linazindikira zimenezi kalekale: kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri pa ntchito ya PEBIMO, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 njirayi inayamba kufalikira m'masukulu a pulayimale. Choncho wotuluka ku IFP ya Angónia, sukulu ya uphunzitsi, amene amatha kulemba Chinyanja bwino atchule yekha, asadikire kufunsidwa.

Júri imatopa ndi mayankho oloweza. Ikafunsa momwe munthu angaphunzitsire kuchotsera kwa ana odzaza chipinda, mabuku ali osakwanira, mayina a akatswiri a m'mabuku sathandiza kwenikweni. Yankho logwira mtima ndi la amene akuti anawo awakhazika m'magulu, gulu lililonse alipatsa njere za chimanga 15, auza mmodzi achotsepo 7, ena awerenge zotsala, kenako alemba pabolodi. Akatulutsanso plano de aula, chikonzekero cha phunziro, imene anaigwiritsadi ntchito pa estágio poyeserera uphunzitsi, ngakhale ili ndi zala za choko, owafunsa amamuona kale atavala bata yoyera, chovala cha aphunzitsi. Funso loti angavomere sukulu ya kutali ndi msewu wa phula aliyankhe moona, chifukwa malo ambiri opanda aphunzitsi ali komweko.

Pali mafunso ena amene alibe malo m'chipindamo. Ndime 35 ndi 36 za malamulo aakulu a dziko zimaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kumene anabadwira, chipani, kapena poti ndi mkazi. Mayi woyembekezera sayenera kubwezedwa pakhomo, ndipo wogwira ntchito m'boma akabereka ali ndi tchuthi cha masiku 90. Wopempha refresco, mbuzi, thumba la mbatata ya kachewere kapena thupi la mtsikana kuti dzina lituluke akupalamula mlandu, ndipo nkhani yake ikatulidwe ku Gabinete de Combate à Corrupção. Wopereka chiphuphuyo nayenso lamulo silimusiya.

Mndandanda wa opambana ukamatidwa, amene akuona kuti waponderezedwa alembe reclamação, kalata yodandaula, m'masiku oikidwa, osangodandaula pamsika. Akakanidwa angapite kwa mkulu wa pamwamba, kenako ku Tribunal Administrativo, ndipo wopanda ndalama ya loya amathandizidwa ndi IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu. Amene dzina lake latuluka afunse ngati akumulemba pa kontirakiti kapena pa nomeação, yomwe zaka ziwiri zoyamba zimakhala zoyesedwa. Asathamangire ngongole pa golosale: mapepala ake amadutsabe ku Tribunal Administrativo, ndipo malipiro oyamba amatha kuchedwa.