Malonda ndi Phindu: Tiwerenge Mabuku a Murata

Anzanga ambiri amayesa kuti malonda a kampani akatsika pang'ono, phindu lace litsikanso pang'ono. Tiyeni tione mabuku a Murata Manufacturing, kampani ya ku Kyoto m'dziko la Japan, imene Akira Murata anaiyambitsa m'caka ca 1944.

Kampaniyi imapanga tizipangizo tochedwa capacitor, timene nchito yace ndiyo kusunga magetsi pang'ono ndi kuwatulutsa pamene afunika. Amatiumba ndi dothi la mtundu wace natiocha m'ng'anjo monga mbiya, ndipo tina n'tocepa ngati mcenga. Telefoni imodzi ya m'manja ya mtengo wapatali imakhala nato pafupifupi 1,000.

Caka cao ca malonda cimatha pa 31 March. M'caka cimene cinatha mu March 2022 anagulitsa katundu wa mayeni mabiliyoni 1,812, napindula mabiliyoni 424. M'caka cotha mu March 2024 anagulitsa wa mabiliyoni 1,640, napindula 215 okha. Taonani! Malonda anatsika ndi gawo limodzi la magawo khumi, koma phindu linaduka pakati.

Cifukwa cace ndi ici. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19 anthu anagula matelefoni ndi makompyuta ambiri, ndipo owapanga, poopa kusowa, anaunjika tizipangizoti m'nkhokwe zao. Malonda atazilala, iwo anayamba kutapa za m'nkhokwe osaoda zatsopano, cotero Murata anacepetsa nchito m'mafakitale ace. Tsono fakitale ingakhale igone siileka kudya ndarama: anchito ayenera kulipidwa, makina alikukalamba, nyumba zifuna kusamalidwa. Mitengo ya katunduyo inatsikanso. Mwai wao unali wakuti yeni inafooka pamaso pa dola, pakuti katundu wao wocuruka amamgulitsa kunja kwa Japan. Pakadapanda apo, ine ndiganiza kuti phindu likadacepa koposa.

Nanga m'tsogolo? M'caka cotha mu March 2025 malonda anakwera kufika mabiliyoni 1,743, phindu pafupifupi 280. Ciyembekezo cao ciri pa magalimoto amagetsi, amene limodzi limadya tizipangizoti zikwi zingapo, ndi pa makompyuta akuru oyendetsa AI. Koma msikawo suli wao okha: Samsung Electro-Mechanics ya ku South Korea ndi Yageo ya ku Taiwan aulondanso.

Werengani nokha tsopano: pa mayeni 100 alionse a malonda, kampaniyi inatsala ndi angati m'zaka zitatuzi? Yankho la caka coyamba ndi 23.