Banja ku Britain: Ndalama Zobwezedwa za Msonkho Zikasokonekera

Ku Britain, mwamuna ndi mkazi wake amadulidwa msonkho aliyense payekha, koma pali malo amodzi pomwe mabuku awo amakumana, ndipo zolakwika zambiri zimabadwira pomwepo. Malowo ndi Marriage Allowance. Anthu ambiri ali ndi £12,570 pachaka yomwe sadulidwapo msonkho. Amene amalandira zochepa angathe kupatsa mnzake £1,260 ya ndalamayi, ndipo banja limapulumutsa mpaka £252 pachaka. Izi n'za okwatirana mwalamulo ndi omwe ali mu civil partnership okha. Kungokhala nyumba imodzi sikukwanira.

Ndalama zobwezedwa za msonkho zikachedwa kapena zikabwera zoperewera, musathamangire kuimba foni. Yalani mapeyisilipi anu awiri patebulo, muyang'ane tax code. Wopatsa mnzake ayenera kuona 1131N, wolandira 1383M. Mukapeza kuti nonse muli pa 1257L, pempho lanu la Marriage Allowance silinalowe kapena silinavomerezedwebe. Zilembozi zikasinthana, ndiye kuti anapempha ndi munthu wolakwika, pakuti wopempha ayenera kukhala wolandira zochepa uja.

Vuto lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri ndi ili: chithandizochi chimangopitirira chokha chaka ndi chaka mpaka mutachiletsa. Mayi amene kale amasamala ana pakhomo ayamba ntchito yosamalira okalamba, mashifiti achuluka, koma chilembo N chikadali pa peyisilipi yake. Kapena bambo akwezedwa, malipiro apitirira £50,270, pomwe salinso woyenera kulandira (ku Scotland malire ake ndi ena). Mapeto ake, kalata yowerengera msonkho wanu, yotchedwa P800, imabwera ndi ngongole m'malo mwa ndalama. Zinthu zikangosintha pantchito, khalani pansi muwerengerenso, ndipo ngati sizikupindulitsaninso, wopatsa uja aletse.

Kalata ya P800 musaikhulupirire mwachimbulimbuli. Ifananizeni ndi P60 yanu yochokera kuntchito, mzere ndi mzere: dzina la kampani, malipiro a chaka chonse, msonkho womwe unadulidwa. Kumbukirani kuti chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Mukapeza cholakwika, uzani bungwe lotolera msonkho la HMRC kudzera pa akaunti yanu ya pa GOV.UK kapena pa foni, manambala a National Insurance a nonse awiri ali m'manja. Lembani tsiku lomwe mwaimba ndi zomwe mwauzidwa. Amene mumadzaza Self Assessment, gawo la Marriage Allowance lidzazidwe ndi wopatsa yekha.

Ngati simunapemphepo, mungathe kubwerera m'mbuyo zaka 4, ndipo ndalamazo zimapita kwa wolandira zambiri uja. Mugwirizaniretu m'nyumba kuti zidzagwira ntchito yanji. Kupempha n'kwaulere. Makampani olengeza pa Facebook kuti akutengerani ndalamazi amadulapo gawo lawo pa ntchito yomwe mungaichite nokha pa foni yanu. Uthenga wofuna nambala ya akaunti yanu ya kubanki kuti mubwezeredwe msonkho ufufuteni, ndi wa akuba.