Fotokope yakufa ndi ndalama: zimene ogula zitsulo ku Lupaso ayenera kudziwa

Ogula zitsulo zakutha ku Lupaso, Luwinga ndi madera ena a mumzinda wa Mzuzu amakonda kuika chilichonse pasikelo. Pulinta yakufa kapena makina a fotokope otayidwa amawaphwanya ndi hamala, pulasitiki n'kutaya, chitsulo n'kugulitsa pa kilogalamu. Pamenepa ndi pomwe ndalama imatayika, chifukwa m'makina amenewa muli zipangizo zomwe mmisiri angapangire makina a CNC.

CNC ndi makina osema kapena kulemba pathabwa motsogozedwa ndi kompyuta. Mmisiri amajambula chithunzi kapena mawu pakompyuta, makinawo n'kuyendetsa kampeni kutsatira chojambulacho. Amatha kulemba zikwangwani za mashopu, manambala a nyumba, mayina a pamakomo a maofesi ndi zokolekera makiyi.

Nzeruyi inayesedwa kale. M'chaka cha 2013, Afate Gnikou wa mumzinda wa Lomé ku Togo anapanga pulinta ya 3D yotchedwa W.Afate pogwiritsa ntchito zotsalira za makompyuta, mapulinta ndi masikana. Kayendedwe ka makina akewo n'kofanana ndi ka CNC. Kuno kwathu, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anadziwika dziko lonse atapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa.

Chofunika kwambiri m'makina a muofesi ndi mota ya mtundu wa stepper. Mota wamba imangozungulira ikapatsidwa magetsi, koma ya stepper imayenda pang'onopang'ono m'masitepe owerengeka, n'chifukwa chake kompyuta imatha kuilamula kuti iime pamalo enieni. Kuizindikira n'kosavuta. Ya stepper imakhala ndi mawaya anayi, asanu kapena asanu ndi limodzi, pamene mota wamba imakhala ndi awiri. Munthu akaipotokola ndi zala amamva ikugunda pang'onopang'ono. Akagundanitsa mawaya awiri a koyilo imodzi, imalimba kupotokola, ndipo chimenecho ndi chizindikiro choti koyiloyo ndi yamoyo.

Wogula asalipire mtengo umodzi pa makina onse. Mafotokope akuluakulu ndi mapulinta akale olemba ndi riboni ndiwo amakhala ndi mamota amphamvu. Mapulinta ambiri atsopano a inki ali ndi mota wamba ya mawaya awiri, choncho phindu lake ndi lochepa. Ndi bwino kuwerenganso kapepala komwe kamamatidwa pamota. Pakalembedwa madigiri 1.8, ndiye kuti imatenga masitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Ya madigiri 7.5 imatenga masitepe 48 okha, ndipo ntchito yake sikhala yosalala kwenikweni, kotero mtengo wake uyenera kutsika.

Zina zoyenera kusunga ndi timipiringidzo tosalala tomwe mutu wa pulinta umayendapo, malamba a mano, magiya, maswitchi aang'ono ndi bokosi la magetsi la kompyuta yakale lomwe limatulutsa mavoti 12. Kampiringidzo kakapindika kapena kuchita dzimbiri kasanduka chitsulo cha pasikelo basi. Choncho makina amasulidwe ndi sikuludiraiva, osati hamala, ndipo zipangizo zisungidwe pouma, makamaka ndi mvula yambiri ya ku Mzuzu.

Pali zina zomwe mmisiri ayenera kugula zatsopano. Pamafunika kabolodi ka Arduino Uno, timabolodi toyendetsa mamota monga A4988, ndi kamakina kozunguza mpeni. Pulogalamu yolamula makinawa, GRBL, ndi yaulere pa intaneti, chimodzimodzinso Inkscape yojambulira. Poyendetsa tebulo, ambiri amagwiritsa ntchito bawuti yaitali ya M8 ya m'mashopu a hadiweya. Bawutiyi ikazungulira kamodzi, nati imasuntha mamilimita 1.25. Ndi mota ya masitepe 200, ndiye kuti masitepe 160 amasuntha tebulo milimita imodzi. Nambala yotereyi ndiyo imalowetsedwa mu GRBL, ndipo ikalakwika, zilembo zimatuluka zazikulu kapena zazing'ono kuposa muyeso wa kasitomala.

Wofuna kuyamba bizinesiyi asalonjeze zomwe makina ake sangathe. CNC ya mamota a pulinta imasema paini wofewa monga wa ku Chikangawa, pulayiwudi ndi pulasitiki, koma siingadule chitsulo. Magetsi akazima ntchito ili mkati, makina amaiwala pomwe anali ndipo thabwa likhoza kuonongeka. Maswitchi ochokera m'pulinta aja amathandiza makinawo kupezanso poyambira.

Pomasula pamafunika kusamala. Ufa wa tona suyenera kupumidwa, choncho womasula avale chophimba kumphuno ndipo agwirire ntchito panja. Bokosi la magetsi lisatsegulidwe chifukwa zina za m'kati mwake zimasunga magetsi ngakhale litazulidwa pakhoma. Kuotcha mawaya pofuna kopa kumatulutsa utsi woononga mapapo.

Wogula zitsulo amene alibe luso lopanga CNC angapindulebe. Asanaphwanye makina, achotse mamota ndi timipiringidzo, aziyese, alembe nambala zake, kenako akazionetse kwa okonza zamagetsi komanso ophunzira zaumisiri a ku Mzuzu Technical College ndi Mzuzu University. Mtengo aziutchula pa chipangizo chimodzichimodzi, ndipo zotsala zokhazo ndizo zipite kusikelo.