Zoyenera kuchita pemphero likachedwa kuyankhidwa

Choyamba, za Baibulo sitichedwapo. Kaya Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, lomwe muli nalolo ndi lokwanira. Muziwerenga buku limodzi mpaka kumapeto. Zotsegula paliponse n'kuloza vesi ndi chala zisiyeni, kumeneko n'kuombeza. Yambani ndi Habakuku, machaputala 3 okha. Iye anafunsa Mulungu mafunso owawa koma sanamuthawe.

Chachiwiri, khalani pakati pa anthu okudziwani. Akatolika muli ndi mphakati, a CCAP muli ndi mlaga. Lowani wa kufupi ndi kwanu, kaya ku Kawale, ku Biwi kapena kwa Mgona. Pogawana nkhawa nenani zoona: lendi simunalipire, geni yagwa.

Chachitatu ndi pomwe ambiri amagwera. Mwapemphera, mwasala kudya, ntchito osaoneka. Musasamuke mpingo sabata imeneyo. Ndaziona kambirimbiri, makamaka kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amanyamuka kwa Chinsapo kukagona kwa mneneri yemwe wangomumvera pa WhatsApp. Mafuta odzozedwa mwina K5,000, "mbewu" mwina K20,000, kuphatikizapo minibasi ndi kabaza, zonsezo ndi ndalama ya katapila. Pakutha mwezi ngongole yabereka, vuto lili pomwepo, ndipo azakhali sakuyankhulana nawo poti anatchulidwa ufiti.

Musagule yankho. Ndikubwerezanso: musagule yankho. Wina akatchula mtengo asanakupempherereni, dzukani muzipita. Akati musiye ma ARV kapena mankhwala a shuga poti mwachiritsidwa, pitirizani kumwa ndipo mukaonane ndi adokotala ku Bwaila kapena kuchipatala cha kwanuko. Akanena kuti umphawi wanu wabwera chifukwa cha tchimo lobisika, werengani Yobu muone mmene Mulungu anadzudzulira anzake atatu aja pa maganizo omwewo.

Kudikira si kukhala manja lende. Sankhani nthawi imodzi yopemphera, m'mamawa musanagwire foni, ndipo muisunge ngakhale mtima uli gwa. Mukatero tulukani: kafunseni ganyu, kaperekeni makalata ofunsira ntchito, sungani kangachepe ku banki m'khonde. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chomaliza, sabata iliyonse thandizani wina wovutika kuposa inu, ngakhale ndi kambale ka ufa. Mkhristu wokhwima amadziwika pamenepo: za mawa sakuzidziwa, koma pamaliro afika, odwala awazonda, ndipo Lamulungu mumupeza pampando wake.